Mbalame zonse zikuoneka zotuwa: mavuto ozindikira mbalame ndi nyama ku Kgalagadi

Ulendo wanga woyamba ku Kgalagadi ndinabwerako ndi kope lochititsa manyazi. Tsamba ndi tsamba mawu anali omwewo: "kambalame kotuwa, pansi", "chiwombankhanga chofiirira, pamtengo", "kena kotuwanso". Ndinali nditazolowera ku Liwonde, kumene mbalame zambiri zimadziulula zokha ndi utoto wa nthenga, ndiye ndinkadziyesa wodziwa. Chipululu chinandithetsa matama tsiku loyamba lomwelo. Chibwerereni, aliyense amene ndapita naye kumeneko, ngakhalenso amene amanditumizira zithunzi pa WhatsApp kuti ndiwauze dzina, amagwa m'mbuna zomwe ndinagwamo ine.

Kwa amene simunafikeko, Kgalagadi Transfrontier Park ili m'malire a South Africa ndi Botswana, kummwera kwa chipululu cha Kalahari. Inatsegulidwa mu 2000 pophatikiza Kalahari Gemsbok National Park ya South Africa, yomwe inayamba mu 1931, ndi Gemsbok National Park ya Botswana. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 38,000, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo atatu a Malawi yense, nyanja ndi yomwe. Misewu ikuluikulu imatsata makwawa a mitsinje iwiri youma, Nossob ndi Auob, yomwe imatha zaka zambiri osayenda madzi. Njovu kulibe, njati kulibe, mvuu musaiganizire n'komwe. Chimene chilipo chochuluka ndi mbalame zodya nyama, ndi malo oti diso lione patali.

Mbalame ili apo, buku lili apa, koma sizikugwirizana

Ili ndiye vuto lalikulu, ena onsewo ndi ana ake. Gwero lake n'lakuti tonse timayambira pa utoto. Tikaona mbalame timafunsa kuti ndi yofiira kapena yotuwa, kenako timavundukula buku kufunafuna chithunzi chofanana nayo. Ku Kalahari utoto ndi mboni yonama.

Dzuwa likangokwera, kuwala kwake kumasulutsa chilichonse: chofiirira chimaoneka chotuwa, chotuwa chimaoneka choyera mbee. Mchenga wa pazitunda ndi wofiira chifukwa kamchenga kalikonse kanakutidwa ndi dzimbiri la chitsulo, ndipo kufiirako kumawalira pamimba pa mbalame yoyera mpaka mungalumbire kuti ndi yofiirira. Mbalame yomweyo ikatsikira m'khwawa, momwe dothi ndi lotuwa, imasanduka ina. Onjezanipo kuti zambiri zimasamba fumbi, kuti ana a mbalame zodya nyama amatha zaka asanavale nthenga za makolo awo, komanso kuti timbalame ta pansi tinabadwa kale tofanana ndi dothi kuti adani asatione.

Mankhwala ake ndi kusintha kafunsidwe. Yambani ndi kukula, poyerekeza ndi mbalame za kwathu zimene diso lanu likuzidziwa: ikufanana ndi mpheta, pumbwa, njiwa, khwangwala kapena nkhanga? Kenako thupi lake: miyendo ndi yaitali bwanji, mchira ukuthera pati poyerekeza ndi nsonga za mapiko, mlomo ndi wonenepa woswera njere kapena woonda wotolera tizilombo. Kenako zochita: ikuyenda kapena ikudumpha, ili yokha kapena pagulu, yatera pamwamba pa chitsamba kapena yabisala pansi pake, ikugwedeza mchira kapena ayi. Utoto ubwere pomaliza, ndipo ngakhale pamenepo musafunse kuti kufiira kwake n'kotani. Funsani kuti choyera chili pati, chakuda chili pati. Malo a banga sasintha ndi dzuwa.

Ndipo buku musalitsegule mbalame ikadali pomwepo. Buku silithawa. Nenani mokweza zimene mukuona kuti mnzanu alembe, kapena jambulani mawu anu pafoni. Ine ndinataya mbalame zambiri chifukwa chowerama kusanthula masamba, podzadzutsa mutu nthambi ili yokha.

Ndikayang'ana m'magalasi zonse zili chizimezime

Musathamangire kunena kuti magalasi anu oonera patali ndi achabe. Choyamba zimitsani injini. Galimoto ikamalira imanjenjemera, ndipo magalasi amakulitsa kunjenjemerako monga momwe amakulitsira mbalameyo. Chachiwiri tsitsani windo lonse, chifukwa galasi la galimoto lili ndi fumbi ndipo limapotoza chithunzi. Ikani kathumba ka mpunga kapena nyemba pawindo kuti pakhale potsamiritsa zigongono kapena kamera. Sokosi yodzaza mpunga imagwira ntchito yomweyo.

Mukachita zonsezi koma chithunzi chikuvinabe, ndiye kuti ndi mpweya wotentha umene ukukwera kuchokera pamchenga. Umenewu ulibe mankhwala. M'chilimwe kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo pofika 10 koloko chilichonse chimene chili patali chimayamba kuyandama. Yang'anani za pafupi, za patalizo mudzazipeza mawa m'mawa. M'nyengo yozizira vutoli limabwerera khomo lina: usiku kumazizira mpaka madzi kuuma gwa, inu mumayatsa hita, ndiye mukatsitsa windo mpweya wofunda wa m'galimoto umatuluka n'kusokoneza chithunzi chimodzimodzi. Valani jekete, hita ikhale yozima.

Fumbi la kumeneko limalowa paliponse. Sungani kamera ndi magalasi m'pilokesi, ndipo musapukute galasi ndi malaya musanaliuzire, chifukwa mchengawo umakanda.

Chiwombankhanga chofiirira chili pamtengo, ndi chiti?

Apa ndiye pamene maukwati amagwedezeka m'galimoto. Nthawi zambiri yankho ndi tawny eagle, choncho yambani poganiza kuti ndi iyeyo, kenako fufuzani chifukwa chokanira. Vuto la tawny n'lakuti alibe utoto umodzi. Wina ndi woyererako ngati udzu wouma, wina wofiira ngati njerwa, wina wakuda ndithu, wina wamawangamawanga. Awiri atatera pamtengo umodzi mukhoza kuwalemba ngati mitundu iwiri.

Yang'anani miyendo musanayang'ane china chilichonse. Ngati nthenga zatsika mpaka kuzala ngati wavala thalauza, muli m'banja la tawny ndi martial eagle. Ngati miyendo ili yopanda nthenga, tawny mwamuchotsa kale. Tsopano onani mutu: chimutu chachikulu chobulungira, chokhala ndi maso aakulu achikasu ngati a kadzidzi, ndi cha ziwombankhanga zodya njoka. Ngati mbalameyo ndi yofiirira thupi lonse, mutu waukulu, khungu la kumaso lotuwira kubuluu, ndipo mchira ndi waufupi moti nsonga za mapiko zikuupitirira, ameneyo ndi mwana wa bateleur. Bateleur wamkulu sasokoneza munthu, ndi wakuda bii, nkhope ndi miyendo zofiira psuu, ndipo pouluka amapendamapendama ngati munthu woyenda pamlatho wa mtengo umodzi. Koma kuti afike pamenepo pamapita zaka 7 kapena 8, ndiye ana ofiirirawo mudzawaona ambiri, makamaka pomwera madzi masana.

Pali awiri ena amene amanamiza anthu chifukwa onse ali ndi mutu ndi chifuwa chakuda, mimba yoyera: martial eagle ndi black-chested snake eagle. Martial ndi chimphona, pamimba pake pali timadontho takuda, miyendo ndi ya nthenga, ndipo akamauluka kunsi kwa mapiko n'kwakuda. Winayo ndi wocheperapo, mimba yake ndi yoyera yopanda dontho, miyendo yopanda nthenga, kunsi kwa mapiko n'koyera kokhala ndi timizere, ndipo amakonda kuima malo amodzi m'mlengalenga akuyang'ana pansi.

Miyezi ya mvula, kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi, kumabwera alendo ochokera kumpoto kwa dziko lapansi, mmodzi mwa iwo ndi steppe eagle, amene amafanana kwambiri ndi tawny wakuda. Chowasiyanitsa chili pakamwa. Kamzere kachikasu ka m'mbali mwa kamwa kamathera pansi pa pakati pa diso kwa tawny, pamene kwa steppe kamapitirira mpaka kumbuyo kwa diso. Izi simungazione mbalame ili kutali kapena itakufulatirani. Jambulani mutu wake cham'mbali, mudzakulitse chithunzicho madzulo. Ngati mwapita mu Juni kapena Julayi, nkhaniyi musavutike nayo, steppe kulibe.

Kabawi wotuwa wa miyendo yofiira

Mudzamuona pafupifupi kilomita iliyonse, ali njo pansonga ya mtengo. Ndi pale chanting goshawk. Amene munazolowera mbalame za ku Malawi ndi Zambia mudzafuna kumutcha dark chanting goshawk, mbale wake wa kwathu, koma wa ku Kgalagadi ndi woyererapo, ndipo akauluka pamwamba pa tsinde la mchira pamaoneka poyera, komanso mbali ya kumbuyo ya mapiko ndi yoyererako.

Wosokoneza ndi mwana wake. Ndi wofiirira, chifuwa chili ndi mizere yotsika, mimba ili ndi mizere yopingasa, ndipo anthu amamutcha mayina osiyanasiyana. Chomugwirira ndi kaimidwe: miyendo yaitali ngati ya bambo ake, kuima chilili, ndi chizolowezi chotsika n'kumayenda pansi. Gabar goshawk naye ndi wotuwa wa miyendo yofiira, koma ndi wamng'ono ngati njiwa, miyendo yake ndi yaifupi, ndipo sakonda pamtetete. Amabisala m'kati mwa mtengo pafupi ndi madzi n'kutulukira mwadzidzidzi timbalame tikamamwa. Ena mwa a gabar ndi akuda thupi lonse, mtundu womwewo.

Chanting goshawk ali ndi ntchito ina kwa inu. Mukaona awiri kapena atatu atatera pansi kapena patizitsamba tating'ono, onse akuyang'ana malo amodzi, n'kumasuntha pang'onopang'ono, imani. Kawirikawiri amakhala akutsatira chiuli chimene chikukumba, kudikira mbewa ndi abuluzi othawa m'dzenje. Nkhandwe nayo imachita zomwezo. Chiuli choyamba chimene ndinachiona ndinachipeza motero. Poyamba ndinangoona mchenga ukuuluka kuseri kwa chitsamba.

Timbalame totuwa ta pansi

Timbalame totere ndi tambiri, koma ochepa okha ndi amene mudzakumane nawo tsiku lililonse, ndipo aliyense ali ndi khalidwe lomuulula.

Pazitunda zofiira, kambalame kofiirira ka nsidze zoyera ndi mimba yoyera, kamene kakuimba pamwamba pa chitsamba, kawirikawiri ndi fawn-coloured lark. Mukaona kagulu ka atatu kapena asanu akuyenda pansi, oima mowongoka, mlomo wopindika pang'ono, kamchira kakafupi kwambiri kokhala ndi nsonga yoyera, ndi a spike-heeled lark. Amene akudumpha pansi pa chitsamba atatukula mchira wofiira, wokhala ndi mzere wakuda ndi nsonga zoyera, ndi Kalahari scrub robin, ndipo pamalo odyera amafika mpaka pa nsapato zanu. Ant-eating chat ndi wakuda mofiirira, amaima pachulu kapena pachitsamba chachifupi, ndipo akauluka mapiko ake amaonetsa zigamba zoyera zophethiraphethira. Tating'ono kwambiri toyenda m'chigulu, ta mlomo wa pinki ndi timizere tiwiri takuda totsika pachibwano ngati ndevu, ndi ma scaly-feathered finch, amene mabuku atsopano akuwatcha scaly-feathered weaver.

Awiri amene anandivutitsa zaka ndi Marico flycatcher ndi chat flycatcher. Onse ndi ofiirira, onse amatera panthambi yotsika n'kumatsikira pansi kukatola tizilombo. Marico ali ndi mimba yoyera ngati yochapa ndi sopo, yosiyana kwambiri ndi msana. Chat flycatcher ndi wamkulupo, ndipo mimba yake ndi yothimbirira, yosasiyana kwenikweni ndi msana. Koma kumbukirani za mchenga wofiira zija: Marico ali pafupi ndi nthaka yofiira amaoneka wothimbirira nayenso. Dikirani akwere panthambi.

Kambalame kakauluka musanaone chokwanira, lembani "lark" basi n'kupitirira. Dzina longopeka limaipitsa kope lonse, chifukwa pakapita chaka simudzakumbukanso kuti ndi liti munalitsimikiza, ndi liti munangoliganizira.

Tayenda tsiku lonse, sitinaone kanthu

Ndikamva dandaulo ili ndimafunsa mafunso awiri: munatuluka nthawi yanji, ndipo munaima kangati? Mayankho ake amakhala akuti tinatuluka titamwa tiyi, ndipo tinafika mpaka ku kampu ya Nossob n'kubwerera. Kuchoka ku kampu ya Twee Rivieren, yomwe ili pageti lolowera m'paki, kukafika ku Nossob ndi makilomita pafupifupi 160, ku kampu ya Mata-Mata pafupifupi 120, pamsewu wa mchenga wokhala ndi timizere tolimba ngati malata. Liwiro lololedwa ndi makilomita 50 pa ola, koma pa liwiro limenelo mukuona msewu, osati nyama. Woyenda pa 20 kapena 25 amaona zambiri kuposa inu. Phwetsaninso matayala pang'ono mukangolowa, mpweya ufike cha pa 1.6 bar, kuti galimoto isamadumphe ndiponso msewu usaonongeke.

Nthawi yotsegulira geti imasintha mwezi ndi mwezi, kuyambira 5:30 m'mawa pakati pa chilimwe mpaka 7:30 mu Juni ndi Julayi. Khalani pageti isanakwane, pemiti yanu ili m'manja, tiyi ali m'fulasiki. Maola atatu oyambirira ndi awiri omaliza ndiwo tsiku lenileni. Masana mikango imagona pansi pa mitengo ya camelthorn kapena shepherd's tree, ndipo mukhoza kuidutsa pamtunda wa mamita 20 osaiona. M'mawa yang'anani mapazi pamsewu magalimoto ena asanawafufute, chifukwa mikango, akambuku ndi afisi amakonda kuyenda mumsewu usiku. Yang'ananinso m'mphepete mwa zitunda, pamene mchenga wakumana ndi thambo, poti amphaka aakuluwa amakonda kugona pamenepo akuyang'ana m'khwawa. Ndipo onani kumene nyama zina zikuyang'ana. Gulu la mbawala zotchedwa springbok likasiya kudya, mitu yonse n'kuloza mbali imodzi, inunso lozani komweko.

Koma njira yoposa zonse ndi kusankha pomwera madzi pamodzi n'kukhala phee. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Madzi a m'pakiyi ndi a m'mijigo, ndipo ina ya m'khwawa la Auob inakumbidwa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pamene South Africa inkakonzekera kulowa m'dziko lomwe lero ndi Namibia. N'chifukwa chake mudzaona mayina ngati Dertiende Boorgat ndi Veertiende Boorgat, kutanthauza mjigo wa 13 ndi wa 14 m'Chiafrikaans.

Ndikuuzeni za m'mawa wina pa Cubitje Quap, kumpoto pang'ono kwa kampu ya Nossob. Tinafika dzuwa litangotuluka, palibe chilichonse kupatula nkhandwe imodzi itagona ngati yodwala. Magalimoto awiri anaima, anayang'ana, n'kupita. Kenako njiwa zinayamba kudzaza mtengo wouma, n'kumatsika m'magulu. Nkhandwe ija inadzuka, n'kumayenda mozungulira ngati ilibe nazo ntchito, mutu uli pansi, kenako liwiro la mphezi, nthenga balala. Inaphonya kanayi. Patapita ola ndi theka kumwamba kunamveka kulira kwa mawu atatu, kumene Maburu amakumva ngati "kelkiewyn", ndipo ma Namaqua sandgrouse, mbalame zofanana ndi njiwa, anatera patali pang'ono, n'kuyenda ndi timiyendo tawo tatifupi kupita kumadzi. Tambala wina analowa mpaka madzi kufika pamimba, anafufumitsa nthenga, n'kumagwedezeka uku ndi uku. Sankasamba. Nthenga za pamimba pa tambala wa sandgrouse zimamwa madzi ngati thonje, ndipo amauluka nawo makilomita ambiri kukamwetsa anapiye, amene amayamwa nthengazo. Zimenezi anazifotokoza bwino Tom Cade ndi Gordon Maclean mu 1967, ataziona ku Kalahari komweko. Tambalayo asanamalize, kabawi wotchedwa lanner falcon anatulukira chapansipansi kuchokera kumbuyo kwathu, mphepo ya mapiko ake tinaimva pawindo, ndipo dziwe lonse linaphulika.

Sandgrouse alipo mitundu iwiri yoti muisiyanitse. Namaqua ali ndi mchira wautali wosongoka. Burchell's ali ndi mchira waufupi, thupi lofiirira la timadontho toyera, khungu lachikasu kuzungulira diso, ndipo amakonda kufika mochedwerapo. Ndiye gulu loyamba likanyamuka musalize galimoto.

Chisa chachikulu chija ndangochijambula n'kupita

Mwalakwitsa, bwererani. Chimulu cha udzu chimene chili mumtengo ngati denga la nyumba ndi mudzi wa ma sociable weaver, abale a atchete, ndipo chimakhala ndi zipinda zambirimbiri zolowera kunsi, china mpaka kupitirira 100. Chisa chimodzi chimatha kukhala zaka makumi angapo mpaka nthambi kuthyoka nacho. Imani poti muone kunsi kwake, musuzumire makomo. Khomo lozunguliridwa ndi zitosi zoyera ngati laimu ndi la pygmy falcon, kabawi wamng'ono kwambiri mu Africa, wotalika masentimita 20 okha, amene sadzimangira chisa koma amakhala m'chipinda cha eni mudziwo. Anthu amamudutsa poyesa ndi kambalame wamba koyera pamimba. Onani mlomo wokhota ndi khungu lofiira kuzungulira diso. Wamkazi ali ndi msana wofiira ngati katondo, wamwamuna wotuwa.

Mukamva eni chisa akulalata onse pamodzi, yang'anitsitsani: Cape cobra, njoka yachikasu ngati uchi, imalowa chipinda ndi chipinda kudya mazira ndi ana. Ichi ndi chifukwa china chosaimira pansi pa chisa pamalo odyera. Kwina konse lamulo ndi lakuti musatsike m'galimoto.

Mitengo ya camelthorn ya masamba ambiri ndiyonso mogona akadzidzi masana. Ndikudziwa kuti ambiri a ife tinakula tikumva kuti kadzidzi akalira padenga ndi malodza, ndipo mlamu wanga anakana kuyang'ana pamene ndinamuonetsa woyamba. Pofika tsiku lachitatu ndi iye amene ankawapeza. Musafunefune mbalame, funani chibulumwa chakuda pafupi ndi thunthu, pamene nthambi yakumana ndi mtengo. Wamkulu kwambiri wa zikope za pinki ndi Verreaux's eagle-owl. Wa maso achikasu ndi spotted eagle-owl. Wamng'ono wa nkhope yoyera yozunguliridwa ndi mzere wakuda, maso ofiirira ngati lalanje, ndi southern white-faced owl.

"Taonani meerkat!"

Kawirikawiri si meerkat. Tinyama titatu timagona m'mauna ofanana, nthawi zina una umodzi, ndipo tonse timaima ndi miyendo iwiri. Kamene kali ndi mzere woyera m'nthiti ndi mchira wa ubweya wambiri, umene kamadziphimba nawo ngati ambulera dzuwa likatentha, ndi gologolo wa pansi. Ameneyu ndi amene wadzaza m'makampu. Musamudyetse, amaluma. Kofiirira mwachikasu, ka nkhope yosongoka, kamene mchira wake umathera ndi nsonga yoyera, ndi msulu wachikasu, ndipo umakonda kusaka wokha. Meerkat weniweni ali ndi mabanga akuda kuzungulira maso, mizere yopingasa pamsana, mchira woonda wa nsonga yakuda, ndipo amayenda m'gulu, wina ali pamwamba kulondera.

Mukakhala ndi gulu la meerkat mudzaona mnthengu ukuwatsatira. Umalira kuwachenjeza kabawi akamabwera, koma nthawi zina umalira monama, ngakhale kutsanzira kulira kwa mbalame zina, kuti meerkat ataye chinkhanira kapena mphutsi imene wakumba, iwo n'kutola. Tom Flower ndi anzake analemba za chinyengo chimenechi mu 2014 atachifufuza kummwera kwa Kalahari. Ndiye mukaona onse athawira kuuna koma kumwamba kuli mbee, musadzitsutse kuti maso anu aphonya kanthu.

Za agalu a m'tchire n'zachidule. Nkhandwe ili ndi chishalo chakuda pamsana. Bat-eared fox ali ndi makutu aakulu ngati zikho, nkhope yakuda, ndipo amayenda ataloza makutuwo pansi kumvetsera chiswe. Cape fox ndi wamng'ono, wotuwa ngati siliva, mchira wonenepa wa nsonga yakuda. Afisi alipo awiri: wamawanga wa makutu obulungira amene timamudziwa kwathu, ndi brown hyena wa ubweya wautali wolendewera ngati wafunda chiguduli, makutu osongoka, miyendo ya mizeremizere, amene amayenda yekha. Mphaka wamawanga akakhala patali onani nkhope ndi thupi: cheetah ali ndi mizere yakuda yotsika kuchokera m'maso ngati misozi, mutu waung'ono ndi chiuno choonda, pamene kambuku ndi wojintcha, wa mutu waukulu.

Foni yakana

Netiweki imapezeka ku Twee Rivieren, mukalowa m'kati imatha. Ngati mumadalira pulogalamu yozindikira mbalame ngati Merlin, tsitsiranitu mbalame za kummwera kwa Africa mukadali ku Upington, womwe uli pamtunda wa makilomita pafupifupi 250 kuchokera pageti, ndipo muyesere foni ili pa flight mode kuti mutsimikize kuti zithunzi ndi kulira zikutseguka. Foni yosiyidwa padashibodi imatentha n'kudzizimitsa, iikeni pamthunzi. Pulogalamu ikakupatsani dzina, onani mapu a kumene mbalameyo imapezeka musanavomere. Ikakuuzani mbalame ya m'nkhalango za ku Mulanje muli pakati pa mchenga, yalakwa ndi pulogalamuyo. Musamalizenso kulira kwa mbalame pasipika kuti muziitane, chifukwa mumazitopetsa pachabe m'dziko lomwe mphamvu iliyonse ndi yowerengera.

Ndikumva kulira koma mbalame siikuoneka

Masana, mukamayenda pakati pa zitunda, mudzamva kamluzu kakuthwa kamodzi, kenako zii. Mudzayang'ana m'zitsamba mpaka khosi kuwawa. Tsitsani maso pansi, pamene nthaka yabooka mauna ambirimbiri: ndi mbewa yotchedwa Brants's whistling rat, itakhala pakhomo la una wake, kuchenjeza anzake. Mukamva phokoso lokhadzula ngati wina akukoka lata pamwala, ameneyo ndi mbalame ndithu, tambala wa northern black korhaan, wakuda pakhosi ndi pamimba, banga loyera patsaya, miyendo yachikasu. Amaima pakachulu kapena kuuluka mozungulira akulalata, n'kutsika pang'onopang'ono miyendo ili lendee.

Chomaliza chimabwera dzuwa likamalowa, makamaka miyezi yotentha. Mbali zonse kumayamba kumveka "ke-ke-ke-ke", ngati anthu ambiri akugogoda timiyala, ndipo mukayandikira pamene pakumvekera phokosolo limasiya n'kuyambira kumbuyo kwanu. Ine ndinatha madzulo awiri ku Nossob ndikuwalitsa tochi m'mitengo. Ndi nalimata wamng'ono wa mumchenga, barking gecko, wamwamuna akuitana wamkazi ali pakhomo la kauna kake. Kuti mumuone, khalani pansi m'kati mwa mpanda wa kampu pamalo a mchenga, mutavala nsapato zotseka chifukwa cha zinkhanira, musasunthe kwa mphindi zingapo, kenako walitsani tochi chapansipansi moyang'ana kumene kukuchokera kulirako. Mudzaona kamutu kokha katatulukira pabowo losaposa chala chanu, kukhosi kuli chikasu, kakufufuma nthawi iliyonse kakalira.